Wotchi Yotsimphina ya Atsibweni Anga

Chia, chaka chotsatira njala ya 1949

Ana anga, za ubwana wanga sindilembapo kanthu, poti unali ubwana wa mwana aliyense wa pa Kota Kota: madrasa m'mawa, mbedza masana, chikoti ukachedwa. Ndiyambira pamene ndinayamba kudya thukuta langa. Ntchito yanga yoyamba inali ya pa pantoni ya pa Chia, pakamwa pamene kanyanja kaja kamalavulira madzi ake m'nyanja yaikulu. Inu amene mwakula mukuwoloka pa milatho mukusinza m'basi, pantoni simuidziwa. Anali matabwa okhomedwa pamwamba pa migolo yopanda kanthu. Lole ikakwerapo, ife tinkagwira chingwe cha waya chimene chinamangidwa tsidya ili ndi tsidya ilo, n'kumakoka tikuimba mpaka kukaitula kutsidya. Ndinalowa ngati wokoka wamba, zikhatho zinasupuka mwezi woyamba womwewo, koma chaka chisanathe ndinali kapitawo. Musaganize kuti bambo anu ndinali ndi nzeru kapena mphamvu kuposa anzanga. Ayi ndithu. Ndinali ndi wotchi ya pamkono, ndipo pa doko lonselo panalibe wina amene anali nayo.

Wotchiyo inali ya atsibweni anga, a Selemani, alongo awo a amayi anga. Iwo ankayendetsa jahazi, chombo chathu chakale cha thanga, kuwolotsa mpunga ndi mchere pakati pa Kota Kota ndi tsidya la Apwitikizi. Anapatsidwa wotchiyo ndi Mmwenye wina atamupulumutsira katundu wake m'namondwe. Inali yaing'ono, ya siliva wozilala, nkhope yake yachikasu ngati dzino la nkhalamba. Tsiku lina mwera utakwiya, mtengo wa thanga unawagwera n'kuwathyola mwendo wamanzere, wotchi nayo inamenyetseka pa matabwa. Onse awiri anachira, koma onse awiri anatsala akutsimphina. Wotchi zina mukaziika pakhutu zimayenda molingana, tiki-tiki-tiki, ngati msilikali. Iyi inkati tiki-taa, tiki-taa, phazi limodzi lofulumira, linalo lochita kukoka, ndendende mmene atsibweni ankamvekera akamakwera kuchokera ku doko, phazi labwino pansi, kenako lija likukhukhuluza mchenga. Akazi a m'mudzi ankaseka kuti munthu ndi wotchi yake anapangana kuti asasiyane panjira.

Atsibweni anali ndi mwana mmodzi wamwamuna, Issa, msuweni wanga, wa msinkhu umodzi ndi ine. Mukudziwa mmene chisuweni chimakhalira: ife sitinkapatsana moni, tinkatukwanana. Iye ankanditcha Chimutu, ine ndinkamutcha Miyendo-ya-kakowa, ndipo aliyense akapeza nsomba ya mnzake pamoto ankaidya osapempha. Amayi ake a Issa anamwalira iye atangoleka kuyamwa, choncho anakulira m'jahazi, akugona atatsamira mkono wa bambo ake, wotchi ili pansi pa khutu. Ankandiuza kuti popanda kaphokoso kameneko tulo sitimubwerera.

Atsibweni atamwalira, pa tsiku la sadaka panabuka nkhani. Ashehe anati malinga ndi Chisilamu katundu wa bambo ndi wa mwana wake. Amayi anga ndi abale awo aakazi anati Chisilamu chinatipeza tili kale ndi mbumba, ndipo cha mwamuna chimabwerera kwa ana a mlongo wake. Kwathu kuno miyambo iwiriyi inkakhala m'nyumba imodzi, n'kumagundana pakhomo. Anakangana mpaka mpunga unazizira m'mbale, potsiriza anagawa: ukonde, mkanjo ndi msahafu, buku lathu lopatulika, kwa Issa, wotchi kwa ine. Sindinapemphe, sindinakanenso, ndipo mpaka lero sindikuona kuti ndinaba. Amayi anandimanga okha pamkono. Issa anandiyang'ana nthawi yaitali, ine n'kumadikira kuti anditukwane monga mwa masiku onse. M'malo mwake anati, "Zikomo, a Twaibu, muyende nayo bwino." Chibadwire anali asananditchulepo dzina langa lenileni, ndiye mpaka kuikapo ulemu wotero. Mawu amenewo anandipweteka kuposa mbama. Mwezi womwewo analembetsa za ku migodi ya ku Joni, ndipo sanatsanzike.

Kasamalidwe ka wotchi ndinali nditakaonera kwa mwini wake. Uziipukusa m'mawa uliwonse ikatha swala, pemphero lathu la m'bandakucha, utaivula kaye, pang'onopang'ono, ndipo ikangoyamba kulimba usiye, usaikakamize. Ukapeza yaima, uigwedeze pang'ono ngati ukudzutsa mwana. Pochita udhu, kusamba kokonzekera swala, poti madzi ayenera kufika m'zigongono, atsibweni ankailuma pa lamba ndi mano, inenso ndinatengera zomwezo, moti lamba ameneyo anali ndi zipsera za mano a anthu awiri. Pa pantoni ndinkaimanga pamwamba pa chigongono, mkati mwa malaya. Nkhungu zikatuluka m'nyanja ngati utsi, ndinkaitsekera m'kachitini ka fodya momwe ndinaikamo mpunga wouma. Ndipo lamulo lalikulu linali lakuti kumbuyo kwake sikutsegulidwa ndi munthu wamba.

Bua, zaka zoyamba za Chitaganya

Anandisamutsira pa Bua nditangokwatira mayi anu, a Asiyatu. Bwana wathu wa zamisewu anali mzungu wamtali wofiira khosi amene tinamutcha Fulumira, chifukwa ndi mawu okhawo a Chinyanja amene ankawatchula bwino. Sanali munthu woipa. Ankangodwala nthenda ya nthawi. Akafika pa njinga yake yamoto, asanafunse n'komwe ngati pantoni ili bwino, ankagwira dzanja langa n'kuliyandikiza ndi lake.

"Kapitawo, wotchi yako yatsalira," ankatero.

"Ikubwera, bwana, ili m'njira," ndinkayankha. "Mwini wake nayenso ankafika mochedwa, koma ankafika."

Ankapukusa mutu, n'kundikonzera mivi yekha.

Zosowa zinali zambiri. Girizi ankatha miyezi osabwera, mawilo a chingwe n'kumalira ngati ana a mbuzi, ndiye tinkapaka chilichonse choterera: mafuta a ng'ombe, a mvuu alenje akapha, ngakhale a nsomba, mpaka nyerere za pa Bua zinatidziwa. Migolo ikabooka tinkaimata ndi phula ndi sanza. Chingwe chikayamba kuthothoka timawaya, tinkakulunga manja ndi makungwa. Kupempha chinthu ku boma kunali ngati kuitana munthu amene ali kutsidya la nyanja. Mayi anu ankaona zonsezi ali pakhonde, ndipo anaphunzirapo chinthu chimodzi, chakuti chilichonse chimene chikuvutika kuyenda chimafuna mafuta. Zimenezi muzisunge, tizipezanso kutsogoloku.

Koma chimene ndimakumbukira kwambiri pa Bua si ntchito, ndi kudikira. Nthawi ya dzinja msewu ukaduka, pankatha masiku lole osaoneka. Anzanga okoka ankapita kukawedza mpasa, ine n'kugona chagada pa matabwa a pantoni, dzanja pansi pa mutu, madzi akunyambita migolo. Dzuwa likafika paliwombo zinthu zinkayamba kusungunuka. Mabango a kutsidya ankasanduka thanga loyera, matabwa aja ankasanduka jahazi, ndipo pansi pa khutu langa atsibweni ankayenda uku ndi uku, tiki-taa, tiki-taa, akununkhira phula ndi mchere. Nthawi zina ndinkamva Issa akuseka kuseri kwa matumba a mpunga, ndipo ndinkatsegula pakamwa kuti ndimutukwane, n'kudzidzimuka ndili ndekha, ng'ona ikundiyang'ana ili pa mchenga. Ndinkamusowa kwambiri munthu ameneyo, ndipo panalibe woti ndimuuze. Amene ankabwerako ku Joni ankati anamuona, ali bwino, wagula chipewa. Moni wa kwa ine panalibe ndi mmodzi yemwe amene anabwera nawo.

Lamba woyamba anaduka pa Bua pomwepo. Wosoka nsapato anandidulira wina wa chikopa cha mbuzi, koma wakale uja sindinamutaye, ali m'kachitini mpaka lero. Galasi likachita zikande ndinkalipukuta ndi phulusa losefa la mankhusu a mpunga, Lachisanu ndisanapite ku mzikiti, mpaka manambala ankaonekanso. Mayi anu ankati ndikanakhala kuti ndimawasisita iwo mmene ndimasisitira wotchi, bwenzi akuwala mpaka ku Salima.

Dwangwa, chakumapeto kwa Chitaganya

Pa Dwangwa ndinafika ndili kale ndi ana, iwe Jafali ukuyamba kumene kugula mano. Iwalani nzimbe ndi masitolo amene mukuwaona lero. Kunali dambo, udzudzu, njovu zodutsa, ndi anthu olankhula mopendekera ku Chitonga, amene ukawawolotsa ankati yewo. Nyumba yathu inali ya udzu, sukulu inali kutali moti mwana sakanatha kuyendako, ndipo mayi anu ankalota za pa boma: nyumba ya malata, mpopi, ana atavala yunifolomu.

Dzinja lina mtsinje unadzaza mwadzidzidzi pantoni ili pakati, itanyamula lole ya mchere. Chingwe chinalira, mgolo umodzi unamasuka, ndipo ine ndinalowa m'madzi mpaka m'khosi kuti ndiumangirire. Lole tinaipulumutsa. Potuluka ndinapeza mkati mwa galasi muli nthunzi, koma wotchi ikuyendabe. Mawa lake malungo anandigwetsa, ndinagona osadziwa kuti kunja kwacha kapena kwada. Mayi anu, poona mwamuna ali gone ndipo wotchi ikutuluka misozi mkati, anasamala odwala onse awiri mofanana. Ine anandithowa ndi madzi otentha n'kundisisita mafuta a nsatsi m'miyendo. Wotchi anaitsegula kumbuyo ndi nsonga ya mpeni, anaiyanika pa lichero, kenako anaidonthezera mafuta a nsatsi omwewo.

"Mwachita chiyani, amake Jafali?" ndinafunsa nditatsitsimuka, ndikuona mafuta akutuluka pa kamutu kopukusira.

"Ndaithira mankhwala, abambo ake. Inuyo si mwadzuka nawo omwewa? Mwinanso ndi kutsimphina komwe kutha."

Ndinafuna kukalipa, koma nkhope yawo inali ya munthu amene wachita zabwino. Wotchi inayenda masiku angapo mwaulesi ngati munthu wa m'matope, kenako inaima. Ndinaigwedeza, ndinaiika padzuwa, ndinaipempherera. Zii. Ndinapitiriza kuivala yakufa yomweyo poti mkono unali utazolowera, koma masana pa pantoni ndikatsamira dzanja sindinkamvanso munthu aliyense akuyenda.

Mpunga utacha, zinthu ziwiri zinandipeza m'sabata imodzi. Woyamba anali Bwana Fulumira. Anati wosunga nthawi wa magulu onse a msewu pa boma akupuma, ndipo iye akufuna ine, chifukwa cha lole ya mchere ija. Ntchito yake inali yoimba belu loyambira ndi lowerukira, ndipo inkabwera ndi nyumba ya malata pafupi ndi sukulu. "Koma wosunga nthawi amabwera ndi wotchi yake," anatero. "Pita ukakonzetse. Ukabwera ndidzaiyesa ndi yanga. Ikayenda limodzi ndi yanga, ntchito ndi yako. Ikatsimphina, ndipatsa wina." Mayi anu atamva anaimba nthungululu mpaka nkhuku zinathawa pabwalo.

Wachiwiri anali mayi wina wofunda nsalu yakuda kumutu, amene anakwera pantoni ndi dengu la chinangwa. Tili pakati pa mtsinje anandifunsa ngati ndine Twaibu wa kwa a Selemani. Anati iye ndi mkazi wa Issa, ndipo Issa anabwerako ku Joni, ali ku Ngala kwa abale a malemu amayi ake. Fumbi la mumgodi linamudya chifuwa, maso nawonso anachita khungu, ndipo achipatala ndi asing'anga onse anali atagwa mphwayi.

"Wakutumani mawu?" ndinafunsa.

"Sananditume, alamu. Koma sagona. Amangotembenuka, n'kumati kukanakhala kaphokoso kaja. Dzana anamva kuti muli pa Dwangwa pano, ndiye anati, kodi wotchi ya wakuba uja ikadatsimphinabe?"

"Anati wakuba?"

"Pepani, ndi mmene ananenera."

"Musapepese, alamu," ndinatero, ndikuyang'ana kumbali kuti asaone nkhope yanga.

Mtima wanga unadumpha ngati wa mwana. Patatha zaka zonsezo, msuweni wanga anali atanditukwana. Koma pamkono panga panali chinthu chakufa, ndipo sindikanatha kupita nacho kwa iye chili chete.

Kota Kota, nyengo yogula mpunga, chaka chomwecho

Wokonza mawotchi m'dera lonselo anali mmodzi, Fundi Bakali, amene anaphunzira ntchito ku Unguja, chilumba cha kunyanja ya mchere. Ankabwera pa Kota Kota nyengo yogula mpunga yokha, n'kukhala pakhonde la sitolo ya Mmwenye. Mpunga ukatha ankakwera sitima, osaonekanso mpaka chaka china. Ndinakwera lole ya makalata, ndipo ndinamupeza atayamba kale kumanga mabokosi. Atatsegula kumbuyo kwa wotchi ananunkhiza, n'kundiyang'ana pamwamba pa kagalasi kake ka diso limodzi.

"Bwana kapitawo, iyi ndi wotchi kapena ndi mwana wakhanda? Waidzoza nsatsi ndani?"

"Ndi chikondi cha kunyumba, fundi."

"Chikondi chimenecho chandipatsa ntchito kuchokera ku Unguja mpaka kuno. Wina mafuta a nazi, wina a makina osokera. Khalani pansi."

Anayala nsalu yoyera. Anamasula timisomali topota tating'ono ngati njere za mchenga, n'kumatulutsa timagudumu kamodzikamodzi ndi kopanira kake, kalikonse akukatsuka m'kambale ka benzini, kukapukuta ndi kaburashi, ndi kutokosa timabowo ndi kamtengo kosongola. Zoyera ankazivundikira ndi tambula yozondotsa kuopa fumbi la malole. Dzimbiri linali litayamba pa kagudumu kamodzi, ndipo analipala mofatsa atagwira mpweya. Ine ndinakhala pa thumba la mpunga ndikuyang'ana atsibweni anga atamwazika pa nsalu, ndipo m'kutentha kuja ndinaona ngati timagudumuto tikuyandama, tikupita tokha kutsidya la nyanja, kalikonse njira yake. Pobwezeretsa, mafuta ake enieni ankawatapa ndi nsonga ya singano, kadontho kosaoneka ndi maso, akundiuza kuti wotchi imadya pang'ono kuposa mbalame. Potsiriza anaika kagudumu kamene kamapita uku ndi uku, kokhala ndi kawaya kopota konga tsitsi, ndipo kanayamba kugunda kokha. Tiki-taa, tiki-taa. Misozi inalengeza m'maso mwanga pamaso pa anthu ogulitsa mpunga.

Fundi anaiika pakhutu n'kukwinya nkhope.

"Iyi inagwapo kalekale. Katsitsi aka kanasuntha pamalo pake. Musadandaule, ndikasuntha pang'ono chabe, iyenda ngati ya bwanamkubwa." Anali atatola kale kachitsulo.

"Dikirani kaye, fundi. Mukatero, phokosolo lisintha?"

"Lisintha kumene. Ntchito yake ndi imeneyo."

"Nanga mutaisiya chomwechi?"

"Izikuvutani. Mphamvu ikachepa iziima, muzichita kuigwedeza. Lero yatsalira pang'ono, mawa yatsalira kwambiri. Ndi wotchi ya mzungu sizidzagwirizana."

"Ndiye muisiye lero, ndibwera nayo sabata yamawa mudzaiwongole."

"Sabata yamawa mundipeza kuti? Sitima ikunyamuka mawa."

"Chabwino, muiwongole lero, chaka chamawa mudzaibwezere mmene inalili."

Anavula kagalasi kaja n'kundiyang'ana ndi maso onse awiri. "Kuipotoza ndingathe, bwana kapitawo. Koma kumeneko kudzakhala kutsimphina kwa Bakali, osati kwa mwini wake."

Ndinapempha kuti ndikawongole miyendo. Dzuwa linali pamutu. Ndinadutsa pa nyumba za malata za antchito a boma, mipopi ikudontha, ndipo pomwepo ana anali kutuluka m'sukulu. Ndinakuonani inu pakati pawo, iwe Jafali uli ndi sileti kukhwapa, mayi anu ataima pakhomo la nyumba ya pakona akukupiza ndi mpango. Ndinakuonani bwinobwino, ndikanatha kukugwirani. Kenako ndinaonanso munthu ali gone ku Ngala, mumdima wa maso ake omwe, akutchera khutu kudikira bambo ake. Ndinaganiza zoti ndimupititsire wotchi yowongoka, mwina sazindikira, koma ndinkadziwa kuti khutu limene linakulira pa mkono umenewo silinganyengedwe. Inu munali ndi zaka zambiri kutsogolo kwanu. Issa analibe chaka chamawa. Ndinabwerera pakhonde paja.

"Tsekani chomwecho, fundi."

Anapukusa mutu, anatseka, anapukuta galasi ndi nsalu. Pondipatsa anati, "Anthu akakufunsani, musakanene kuti anakonza ndi Bakali."

Dwangwa ndi Ngala, masiku otsatira

Bwana Fulumira ndinamupeza akundidikira pa pantoni. Anaika wotchi yanga pakhutu limodzi, yake pa linalo, ndipo nkhope inagwa.

"Fundi wakunyenga, kapitawo."

"Sanandinyenge, bwana. Ndinamuletsa ndine."

Ndinamufotokozera zonse, za jahazi, za mwendo, za Issa. Anamvetsera osayang'ana wotchi yake, chimene ndinali ndisanamuonepo akuchita. Kenako anati wamva, ndipo ndi wachisoni, koma belu la boma silingatsimphine. Ntchito ija anaipereka kwa munthu wina wa ku Likoma amene anali ndi wotchi yatsopano.

Mayi anu sanandilankhule masiku angapo. Atatsegula pakamwa anati, "Ine ndinapha wotchi ndi mafuta, inu mwapha nyumba yanga ya malata ndi chifundo. Tafanana." Atatero anapeta mpunga wa faya, anaumanga m'kansalu, n'kunena kuti wodwala sapitiridwa chimanjamanja. Pa mapantoni ndinakhalapo mpaka milatho inatichotsa ntchito, ndipo iwe Jafali unayamba sukulu uli wamtali kuposa benchi lonse, anzako akukuseka. Ndikudziwa kuti zinakuwawa. Mukandiimba mlandu sindikutsutsani, koma mutandibwezera pakhonde la Fundi Bakali lero, ndikhoza kunenanso mawu omwe aja.

Ku Ngala ndinapita wapansi, ndipo ndinafika dzuwa litakwera, akazi akuyanika chinangwa pa thandala. Issa anali pa mphasa pansi pa mtengo wa mango. Miyendo ya kakowa ija inali itatsala mafupa okhaokha, ndipo chifuwa chinkalira ngati mvukuto. Alamu aja anafuna kundilonjera, ndinawakodola kuti akhale chete. Sindinapereke moni. Ndinagwada pambali pake, ndinakweza mutu wake pang'ono, n'kulowetsa mkono wanga pansi pake, mmene ankachitira bambo ake m'jahazi.

Anaumitsa thupi, kenako anafewa. Anakhala chomwecho nthawi yaitali. Mphepo inkagwedeza masamba a mango, mithunzi ikuyenda pankhope pake ngati madzi, ndipo kupuma kwake kunayamba kufatsa. Mkazi wake anafuna kulankhula, iye anakweza chala.

"Khalani chete," ananong'ona. "Akukwera kuchokera ku doko. Mwendo wamanzere uwo."

Kenako anatambasula dzanja, anapapasa nkhope yanga, anagwira mutu wanga uku ndi uku.

"Chimutu," anatero. "Sichinaphwe ayi."

"Nawenso miyendo yakoyi akakowa akuifuna," ndinayankha.

Anaseka, kuseka kunasanduka chifuwa, chifuwa chitatha anabwezera khutu pamalo paja.

"Wakuba iwe," anatero. "Wawasunga bwino."

Anagona tulo masana omwewo, dzuwa likuswa mtengo, pakamwa pali yasa ngati mwana. Mkono wanga unachita dzanzi mpaka m'phewa, koma sindinausunthe kufikira mthunzi unatichoka. Pobwerera ndinamumanga wotchiyo pamkono pake, pamwamba pa chigongono poti pansipa inkavuka, ndipo alamu ndinawasiyira kachitini kaja n'kuwaphunzitsa kapukusidwe ndi kagwedezedwe ka wotchiyo. Ndinatenga dzuwa kukhala wotchi yanga ya pa pantoni, ndipo Lachisanu ndikapeza mpata ndinkapita ku Ngala kukatukwanidwa.

Issa anatisiya mvula yoyamba itagwa. Itatha sadaka yake, alamu anabwera pa pantoni ndi kachitini kaja, wotchi ili mkati. Ndinakana, ndinati ndi ya ana ake. Iwo anati ayi, mwini wake ananena yekha kuti ibwerere kwa wakuba, poti ndi amene amadziwa kuisunga.

Ikadali pamkono panga pano ndikulemba, ikutsalira monga kale. Sindinena kuti ipite kwa mwana wanga kapena kwa mwana wa mlongo wanga, mudzakangane nokha pa sadaka yanga mpaka mpunga uzizire. Koma amene adzaitenge aziipukusa m'mawa ataivula, asamaikakamize, madzi ayi, nsatsi ayi. Ikadzafuna kutsukidwa apite nayo kwa fundi weniweni, akhale pomwepo osachoka. Ndipo fundiyo akadzaiika pakhutu n'kunena kuti ikutsimphina, mudzamugwire dzanja, mudzamuuze kuti tikudziwa.